Lumbiro la Adobi

Ndinabadwira m'tauni ya m'mbali mwa mtsinje, m'dziko la Indiya, nthawi imene azungu a kutsidya kwa nyanja ankatilamulira ndipo panalibe wokumbukira kuti anayamba liti. Dzina la tauniyo linandichoka m'mutu, kapena analisintha ine nditachokako. Zimene zinatsala ndi miyala yochapira, yoterera ndi ndere, ndi phokoso la nsalu zonyowa zikumenyedwa pamwala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ife tinali adobi, anthu ochapa zovala za eni. Bambo anga anali dobi, ndipo anandikwatitsa kwa dobi ndisanadziwe n'komwe kuti padziko pali ntchito zina.

Mwamuna wanga anali wamtali, wa mawu ochepa, manja ake osupuka mpaka m'zigongono chifukwa cha madzi a phulusa. Kwathu mkazi satchula dzina la mwamuna wake. Ndinkangoti "inu", iye n'kucheuka. Ndiye anandiphunzitsa kudziwa nsalu ndi zala, maso ali kwina. Ya kwathu, yowombedwa pamanja, ndi yokhakhala ndipo imamwa madzi ngati dothi la m'chilimwe. Ya kutsidya, yotuluka m'makina a azungu, ndi yosalala, yotsika mtengo, youma msanga. Zambiri zimene tinkachapa zinali za kutsidya. Tinali ndi bulu wosenza mitolo, ndi mwana wamkazi, Tuni, amene anali atangoyamba kuyenda.

Chaka china kunamveka kuti azungu adula chigawo chathu pakati ngati nsomba ya pamsika, osafunsa munthu. Ine mpeniwo sindinauone. Mtsinje unkayenda monga kale. Koma anyamata a kukoleji anavula nsapato n'kuyamba kuyenda m'misewu akuimba. Tsiku lina mmodzi wa iwo anatsikira kumiyala kwathu. Dzina lake linali Protul, mwana wa loya, wowonda, wovala magalasi. Anaika dzanja paphewa pa mwamuna wanga. Munthu wa banja ngati lake anali asanakhudzepo dobi chiyambire.

"Achimwene," anatero Protul, "azungu sanatigwire ndi mfuti zokha. Atigwira ndi nsalu ili m'manja mwanuyi. Thonje ndi lathu, amalitenga, n'kudzatigulitsa lili nsalu. Inu adobi mukakana kuichapa, adzaivala yakuda ndani?"

"Nanga tizidya chiyani, bwana?"

"Musanditi bwana. Njala ya miyezi yochepa, kenako dziko likhala lathu."

Pakati pa tauniyo panali mtengo wa kachere. Pansi pake Protul anaimirira pangolo, ndipo adobi, ometa tsitsi ndi osoka nsapato analumbira mmodzimmodzi kuti sadzakhudzanso katundu wa kutsidya. Mwamuna wanga analumbira ndi mawu okweza amene ndinali ndisanawamvepo. Kenako anyamata aja anakoleza moto. Olemera anaponyapo majekete ndi zipewa, ndipo ine, amene ndinkazichapa, ndinazindikira kuti zambiri zinali zakutha kale. Utsi wake unkanunkha ngati nthenga zopsa.

Eni zovala sanavale zakuda. Anangotumiza mitolo yawo kwa adobi a tsidya lina la mtsinje, amene sanalumbire. Bulu uja tinagulitsa. Mwamuna wanga anayamba kusenzera anyamatawo nsalu za kwathu, akutsatsa khomo ndi khomo, ndipo ankabwera nkhope ikuwala ngakhale asanalawe kanthu. M'mawa wina anati, "Akundituma kumidzi. Ndibwera mvula isanagwe." Mvula inagwa, inakata, inagwanso. Iye sanabwere. Ndinabereka Tuni kumsana, n'kutsekera chitseko ndi mwala kuti ndikamufune.

Ndinayenda masiku amene sindinawawerenge. Misewu yonse inali yofanana: fumbi, ng'ombe zowonda, akhwangwala. Nthawi zina ndinkadutsa mtengo n'kuganiza kuti ndaudutsa kale dzulo. Ndinafika pamudzi wa owomba nsalu, ndipo popeza dzina sindikanalitchula, ndinafunsa mmene ndikanathera.

"Mwamuonako munthu wamtali, wa manja osupuka?"

"Anadutsa," anatero mayi wina wamasiye, wometa mpala, dzina lake Moyna. "Anasenza nsalu zathu kupita kumisika ya kumtunda. Khalani, adzadzeranso pompano."

Ndinakhala. M'mudzimo zowombera nsalu zinali zitagona zaka zambiri, akangaude atamangamo, koma tsopano zinkalira usana wonse. Ulusi ndiwo unkasowa. Moyna anandikhazika pagudumu lopotera, thonje kudzanja lamanzere. Anali wa pakamwa pakuthwa. "Manja akowa anazolowera kumenya," ankatero. "Thonje silimenyedwa. Ulinyengerere ngati mwana wa eni." Ulusi wanga woyamba unali wa mfundomfundo, wonenepa pano, wowonda apo. Pang'onopang'ono unawongoka.

Pamsika wa mudziwo panalinso kachere. Tsiku la msika anyamata anafika akuimba, wina n'kukwera pangolo. Anali wa magalasi. Mwina anali Protul, mwina wina wofanana naye, pakuti masiku amenewo onse ankalankhula ndi mawu amodzi. Koma moto wa tsiku limenelo sunadye majekete a olemera. Anagwira Msilamu wina, Kasem, amene ankayenda ndi mtolo wa nsalu za kutsidya pamutu, kugulitsa kwa akazi a alimi.

"Ana anga," anatero Kasem, "nsalu yanuyo ndi yabwino, koma mlimi sangaikwanitse. Ndiye mkazi wake aziyenda wamaliseche podikira ufulu?"

Anamuyankha ndi nyimbo. Mtolo wonse unapsa, iye atanjuta, akuyang'ana. Moto utazima anatola chingwe chimene ankamangira mtolowo, anachipinda bwinobwino, n'kumapita. Kuyambira pamenepo Asilamu a m'mudzimo, amene tinkapalana nawo moto, anayamba kutidutsa osapereka moni.

Nyengo ya mvula Tuni anatentha thupi. Sanadwale nthawi yaitali. Kwathu akuluakulu akamwalira timawatentha m'mbali mwa mtsinje, koma ana aang'ono timawaika m'nthaka. Moyna anamukulunga m'kansalu kowombedwa ndi ulusi wanga woyamba uja, pakuti palibe akanakagula. Tinamuika pafupi ndi nsungwi. Moyna sananene kanthu kakuthwa tsiku limenelo, ngakhale mawa lake. Ndinapota mpaka mvula itatha, kenako ndinanyamuka, msana uli wopepuka moti ndinkapunthwa poyenda.

Msewu unanditsitsira kunyanja yamchere, kugombe la matope otuwa kopanda mthunzi. Kumeneko anthu ankaphika mchere mobisa. Lamulo la azungu linkati mchere uzigulidwa kwa iwo okha, ngakhale nyanja inali pakhomo. Ndipo popeza anthu ambiri anali atalumbira kusadya wa kutsidya, wa m'miphika unayamba kufunidwa.

"Mwamuonako munthu wamtali, wa manja osupuka?"

Bambo wina wa maso ofiira anandiyang'ana nthawi yaitali. "Wamtali anadutsa, ali ndi anyamata ena. Koma manja ake sanali osupuka. Anali akuda, ngati a munthu wogwira wonga wa mfuti. Mayi, musamafunse mokweza."

Ndinaphunzira kupala dothi loyera, kulicheza mumphika woboola pansi monga amachezera chidulo, ndi kuphika madziwo mpaka pansi pa mphika patayera. Utsi unkaluma m'maso. Aliyense kumeneko anali ndi maso ofiira, moti sunkadziwa amene walira ndi amene wangophika. Zimenezo zinandikomera.

Kachere kunalibe, kunali chitsa chake chokha. Apolisi anali ataudula kuti pasapezeke pochitira msonkhano. Anthu ankasonkhanabe pachitsapo, padzuwa, popanda wokwera pangolo, n'kumanong'onezana zimene amva: kuti uje amumanga chifukwa cha nyimbo, kuti aphunzitsi ena awachotsa ntchito, kuti akuluakulu a gulu lomenyera ufulu akangana okhaokha, ena akuti ufulu tipemphe, ena akuti tilande. Tsiku lina apolisi anafika. Mzungu anali mmodzi, pahatchi, chapatali; ena onse anali anthu athu, ovala nduwira. Anaswa miphika ndi ndodo zansungwi, umodziumodzi, mosapupuluma, kenako anayatsa misasa yathu. Moto umenewo panalibe wouimbira. Amene anaswa mphika wanga anali wachichepere, ndevu zisanamere bwino. Anandiuza chapansipansi, "Pepani mayi, sunthirani uko, phale lingakuchekeni." Ndinasuntha.

Chichokere kugombe lija maso anga saona patali. Zonse zimaoneka ngati zili kuseri kwa chifunga chosatha.

Ndinatsata njanji mpaka kutauni ya utsi. Kumeneko anthu ena ophunzira anali atatsegula fakitale ya machesi, akuti dziko lizipanga moto wakewake. Ntchito yanga inali kumata timabokosi ndi phala la ufa, titakhala pansi pamzere ndi akazi ena. Pabokosi lililonse panali chithunzi cha dzuwa likutuluka. Machesiwo ankakana kuyaka kukakhala chinyezi. Unkatha theka la bokosi usanaone moto. Anthu ankagulabe chifukwa cha manyazi, kenako manyaziwo anatha. Mwini fakitaleyo, bambo wofatsa amene anagulitsa ndolo za mkazi wake poyambitsa ntchitoyo, anatseka chipata tsiku lina n'kutipepesa mmodzimmodzi, akuwerama ngati ife ndife mabwana.

M'tauni imeneyo sindinafunse aliyense za manja. Ndinali nditaphunzira. Nkhani inandipeza yokha pampopi. Bomba linali litaponyedwa pangolo ya mahatchi ya woweruza wachizungu. Woweruzayo munalibe. Amene anafa anali woyendetsa ngoloyo, munthu wathu, bambo wa ana. Apolisi anasesa nyumba zambiri, ndipo pakati pa ogwidwa, ankatero akazi, panali dobi wina amene ankabisa zinthu za anyamatawo m'mitolo ya zovala.

Ndinapita kundende. Kunja kwa khoma kunkakhala akazi ambiri, ena ndi timiphika ta mpunga timene palibe ankatilandira. Ndinakhala nawo nyengo yathunthu ndisanalimbe mtima. Sitinkafunsana kuti wako ndani. Tinkangosuntha ndi mthunzi wa khomalo, m'mawa uku, madzulo uko. Potsiriza ndinafika pachipata.

"Ndikufuna munthu wamtali, wa manja owonongeka."

"Muno manja a aliyense ndi owonongeka," anatero mlonda. "Dzina."

Ndinayang'ana pansi. Ndinafuna kunena kuti bambo ake a Tuni, koma Tuni kunalibe.

"Nitai," ndinatero. Aka kanali koyamba, ndipo linamveka ngati dzina la mlendo.

Mlondayo analavula pambali. "Ameneyo anatuluka kale. Olankhula sakhalitsa muno. Anzake amene anawatchula, ena anawatumiza kuchilumba cha kutali, mmodzi anamunyonga." Anayang'ana mapazi anga ong'aluka, n'kuwonjezera ndi mawu otsika, "Anapirira kuposa ambiri, mayi. Ine ndinkamva."

Mwamuna wanga ndinamupeza padoko lina, pamudzi wozunguliridwa ndi minda ya mpunga. Sindinafunse munthu; ndinangoona kumene anthu sankayang'anako. Kunali kachisakasa ka kumapeto. Anakhala pakhomo, ndevu zitafika pachifuwa, nsalu yake yakuda bii. Zala zake zinali zopindika, zina zopanda zikhadabo.

"Inu," ndinatero.

Anacheuka ngati kale. Anayang'ana kumsana kwanga, kenako pambali panga, pamene pakanaima mwana wa msinkhu wa Tuni.

"Ali pansungwi, pamudzi wa owomba nsalu," ndinamuuza.

Anagwedeza mutu. Kenako anati, "Ndinatchula anthu."

"Ndamva."

"Ndinkafuna kufa ndisanatchule. Thupi linakana. Nditatuluka ndinamva kuti a Protul akubisala kuno, ndiye ndinabwera kuti andiweruze, ngakhale kundipha. Sanandiyankhe n'komwe."

"Vulani nsaluyo ndikachape," ndinatero.

Protul anandipeza kumadzi. Ulendo uno sindinakayike kuti ndi iye. Magalasi anali omanga ndi ulusi, imvi zitamera nthawi isanakwane, ndipo ankatsimphina.

"Mlamu," anatero, "mudzi uno unalumbira. Palibe womumeta, womuchapira, womugulitsa mpunga. Amene ananyongedwa uja anali mng'ono wanga wa bere limodzi. Mukamuchapira, lumbirolo likugwirani nanunso."

"Ine sindinalumbirepo kanthu, bwana. Tsiku lija munaitana amuna okha."

Anayang'ana madzi akuda amene ankatuluka m'nsaluyo. "Mukuona ngati ndi nkhanza," anatero. "Tikamukhululukira lero, mawa aliyense azitchula asanamenyedwe n'komwe. Ndiye amene anafa adzakhala kuti anafera chiyani?"

Ndinapitiriza kuchapa, iye n'kubwerera kumudzi akutsimphina.

Tinakhala m'kachisakasamo nyengo imodzi, kapena ziwiri. Ndinkatola nkhono m'minda, kuthyola masamba a m'madzi, ndi kukunkha mpunga wotsala okolola akachoka. Ndinamumeta ndi phale la botolo, ndipo pansi pa ndevuzo ndinapeza nkhope ya nkhalamba. Ana a m'mudzimo ankatigenda poyamba, kenako anatopa nafe. Masiku ena iye ankandifunsa za Tuni, kuti anali atayamba kutchula mawu ati, ndipo ndinkamuuza, ena ndikungopeka. Masiku ena ankamvetsera nyimbo za msonkhano zochokera kumudzi, milomo ikuyenda nazo.

"Mukadadziwa, mukadalumbira?" ndinamufunsa tsiku lina.

Anatsokomola. "Azungu ayenera kupita," anatero. "Zimenezo sizinasinthe. Ndine amene sindinakwane."

Anamwalira mvula ili mkati, masana, akuyang'ana denga lodontha. Ndinalira mokweza monga mwa mwambo, kuti mudzi umve. Mudzi unamva, koma palibe anabwera. Ndinadula nsungwi ziwiri, ndinamangapo mphasa, n'kumugoneka pamenepo. Ndinakoleka chingwe pachifuwa ngati ng'ombe yapagoli n'kuyamba kukoka. Munthu wofa ndi njala salemera, ngakhale akhale wamtali, koma matope ankagwira.

Malo otenthera maliro anali kumunsi kwa doko, ndipo njira yake inali kanjira kokwezeka pakati pa minda yodzaza madzi, kokwana munthu mmodzi. Ndili pakati ndinamva nyimbo. Linali tsiku lokumbukira kudulidwa kwa chigawo, limene anthu ankasala kudya n'kukasamba kumtsinje opanda nsapato, ndipo tsopano ankabwerera. Maso anga anangoona chinthu choyera, chachitali, chikubwera pamwamba pa madzi. Chitayandikira chinasanduka anthu: amuna, ana asukulu, ndi akazi omwe, ambiri kuposa onse amene ndinawaonapo pamsonkhano. Patsogolo panali Protul.

Nyimbo inazima kuyambira kutsogolo kumka kumbuyo. Tinaima moyang'anizana. Kubwerera sindikanatha, ndipo sindinafune. Wina kumbuyo anati, "Mukankhireni m'madzi ameneyo." Protul sanacheuke. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso, n'kuyang'ana nkhope ya womwalirayo, imene mvula inkaisambitsa. Kenako anatsikira m'munda, matope mpaka m'mawondo. Wotsatana naye anatsika. Ndi wina, ndi winanso, ena uku ena uko, mpaka kanjirako kanatsala kopanda munthu.

Ndinakoka pakati pawo. Palibe anagwira nsungwi. Ndinkangomva nsungwizo zikukhwekhwerezeka ndi mvula ikugwa pamadzi. Mayi wina anaphimba nkhope ndi nsalu yake, sindidziwa ngati kunali kulira kapena kunyansidwa.

Nditadutsa womaliza ndinawamva akukwera, mapazi akuzuka m'matope. Patapita kanthawi nyimbo inayambanso, motsika, ikumka kumudzi. Ndinasuntha chingwe kuchotsa pamene chinandicheka. Kumtsinje kunali kudakali kutali, ndipo nkhuni zouma ndinali ndisanadziwe kumene ndikazipeze.